Khutu la Kambalame

Mayi wosita zovala uja anali munthu woti mutamuponda chala, iyeyo ndi amene angayambe kuthokoza kuti zala zinazo mwazisiya. Anzake kushopu yochapira zovala ankamunena pamaso pake pomwe kuti atagwera m'chitsime angathokoze kuti wasamba. Iye ankangoseka, n'kunyowetsa chala palilime, kukhudza nsimbi kuti amve ngati yatentha, n'kuyala malaya ena pathebulo. Zaka khumi ndi ziwiri akusita makolala a anthu osawadziwa, palibe anamumvapo akunena kuti watopa.

Kunyumba kwake kunali lamulo limodzi losaphwanyika. M'mawa uliwonse, tiyi asanafike pakamwa, aliyense ankayenera kutchula chimene akuthokoza Mulungu. Bambo a ana, amene ankawotcherera zitsulo kuseri kwa msika, ankathokoza chinthu chimodzimodzi chaka chonse: "Ndadzuka." Mwana wachisamba, mtsikana wa kusekondale wa lilime lakuthwa, ankathokoza kuti sabata ikupita kumapeto, ngakhale tsikulo likhale Lolemba. Koma mzime, wa zaka zisanu ndi zinayi, amene onse ankamutcha Kambalame chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka, ankandandalika zinthu mpaka tiyi kuzizira: mphaka wa aneba, chingwe chatsopano cha nsapato, chule amene anamuona m'ngalande, dzino limene layamba kugwedera. Bambo ake ankachita kumupempha kuti zina asungire mawa.

Khutu la Kambalame linayamba kuvuta mvula itangoyamba. Mayi poyalula bedi anapeza banga lachikasu papilo, ndipo atanunkhiza anadziwa kuti si malovu. Anapempha tsiku kwa mwini shopu, n'kupita naye mwanayo kuchipatala chaching'ono chapafupi, kumene anthu ankadikira pamabenchi aatali, maambulera akudontha pakati pa miyendo. Namwino wa magalasi anaunika m'khutu lakumanzere ndi katochi, anakwinya mphuno, n'kulemba pakhadi.

"Mukamudonthezere mankhwalawa katatu patsiku," anatero namwinoyo. "Pakatha masabata atatu mubwerenso. Akapanda kusintha tidzamulemba pamndandanda wa dokotala wa makutu. Amabwera kuno kawiri kokha pachaka, ndiye timalemba okhawo amene mankhwala awakanika. Matenda amenewa mukawalekerera amagonthetsa mwana."

Mayi anamva zonse, ndipo mawu akuti kugontha anamuopsa kwambiri. Mankhwala ankadontheza osaphonya: m'mawa asanapite kuntchito, madzulo akaweruka, ndipo a masana ankachita kuthamanga pa nthawi yopuma kukamupeza mwanayo pageti la sukulu. Masabata atatu anatha koma banga papilo silinathe. Linangochepa Lolemba ndi Lachiwiri, Lachitatu n'kubwerera mwakale.

Tsiku lobwerera kuchipatala, patsogolo pake panali mayi wina amene anayamba ndi chifuwa cha mwana wake, n'kudutsa pamsana wake womuwawa, mpaka kukathera pa mwamuna wake wosathandiza. Mayi wosita uja anachita manyazi m'malo mwake. Munthu uli ndi mwana wamoyo pamiyendo, n'kumalira chonchi pagulu? Nthawi yake itakwana analowa atawongoka, Kambalame ali pambali.

"Zikuyenda bwanji?" anafunsa namwino, maso ali pakhadi.

"Tikuthokoza Mulungu, aliko bwino."

"Mafinya?"

"Achepako."

Namwino analemba mawu awiri, n'kupereka kabotolo kena. Mzere unali wautali panja, ndipo iye analipo yekha.

Musamuyese wabodza mayiyu. Mafinya anachepadi Lolemba ndi Lachiwiri. Iye masiku ankawasankha monga mmene munthu amasankhira tomato pamsika: abwino m'jumbo, oola n'kuwasiya pomwepo. Choncho dokotala wa makutu anabwera mkati mwa dzinjalo, anaona ana a eni ake, n'kupita, Kambalame ali m'kalasi ndi thonje m'khutu.

Nyengo yozizira itafika, khutu linauma. Kushopu kunadzaza majekete ndi mabulangete, ndipo nthunzi ya nsimbi, imene m'chilimwe inkawotcha nkhope, tsopano inkakoma. Mayi anathokoza za khutulo m'mawa katatu motsatizana, mpaka wachisamba anati Mulungu wamva, si wogontha. Onse anaseka. Kambalame naye anaseka, koma anayamba anzake atatsala pang'ono kumaliza.

Zinthu zazing'ono zinayamba kuoneka. Munthu akamalankhula, mwanayo ankapendeketsa mutu, khutu lakumanja n'kulitsogoza. Wailesi ankaikweza mpaka aneba kugogoda khoma. Ukamuitana ali cheuzire ankatembenuka, koma ukamuitana atafulatira unkaitana katatu. Zothokoza zake za m'mawa zinatsika kuchoka pa khumi kufika pa ziwiri, ndipo tiyi anayamba kumwedwa wotentha. Kenako aphunzitsi ake anatumiza kakalata konena kuti mwanayu wayamba mwano, sayankha akaitanidwa.

"Amake ana," anatero bambo tsiku lina akumanga nsapato zakuntchito, "mwanayu akumva bwinobwino?"

"Akumva. Wangokula. Ana akamakula amasankha zoti amve."

"Ine ndikuona ngati..."

"Inuyo ndi amene mungayeze makutu a anthu? Makina anu odulira zitsulo aja anakumalizani kalekale. Dzulo ndakuuzani kuti mugule sopo, mwabwera ndi chingwe."

Bambo anaseka, chifukwa zinali zoona, n'kunyamula chisoti chawo chowotcherera. Sanali munthu wolimbana ndi mkazi wake pa nkhani za ana. Mayi anatsala pakhomo mtima ukugunda, chifukwa funso limene anafunsidwalo ankadzifunsa yekha tsiku lililonse akusita. Koma pa ulendo wachitatu wobwerera kuchipatala, namwino atafunsa, khutu linali louma ndithu, ndiye akanati chiyani? Anathokoza Mulungu. Pa ulendo wachinayi anathokozanso.

Chilimwe chinafika ndi fumbi lake. Loweruka lina masana, mayi ataweruka, ankayenda ndi Kambalame m'kamsewu kodutsa pakati pa mashopu, mwanayo ali patsogolo akukankha kamwala ndi phazi. Kumbuyo kunatulukira njinga yamoto ikuliza hutala. Anthu onse anapatuka, ngakhale galu amene anagona pamthunzi anadzuka. Mayi anakuwa dzina la mwana wake ndi mawu onse. Kambalame anapitirira ndi kamwala kake pakati pa njira. Woyendetsa anayesetsa kukhota, koma chigwiriro chinagunda mwanayo paphewa n'kumugwetsa chafufumimba m'fumbi.

Anangosupuka bondo ndi chigongono. Woyendetsa uja anavula chisoti n'kukalipa: "Mayi, mwana wanuyu ndi gonthi kapena chiyani? Ndayambira uko kuliza!" Mayi anamudzutsa mwanayo, kumusansa fumbi, n'kumubereka, ngakhale kuti miyendo yake inkafika m'mawondo.

Kunyumba anamukhazika pampando wa kukhitchini n'kumutsuka bala ndi madzi a mchere. Wachisamba anaima pakhomo atapinda manja, akumvetsera nkhani yonse.

"Tithokoze kuti inali njinga," anatero mayi pomaliza. "Ikanakhala galimoto..."

"Amayi, chonde. Lero lokha musathokoze."

Mtsikanayo anatenga supuni ndi chivundikiro cha poto, anazungulira kumbuyo kwa mng'ono wake chakumanzere, n'kumenya. Mayi anadzidzimuka mpaka madzi kutayika. Kambalame anali akuyang'ana bondo lake, akuuzira pabala. Wachisamba anamenyanso kawiri mwamphamvu, ndipo pamenepo m'pamene mwanayo anacheuka, koma anacheukira kumanja, kumene kunalibe munthu.

"Mwaona?" anatero wachisamba, misozi ili m'maso. "Kusukulu anzake amamutcha dzina lina tsopano, inu simukudziwa. Kuchipatala mumakawauza chiyani anthu aja? Mumakawauza kuti aliko bwino, eti? Bwanji simunena?"

"Sindingathe."

"Simungathe chiyani?"

Mayi anaika kambale pansi. Nkhani imeneyi anali asanauzepo munthu, ngakhale bambo a ana. Pakati pa wachisamba ndi Kambalame panali ana awiri amene sanafike poyenda. Zimenezo mtsikanayo ankazidziwa. Chimene sankadziwa n'chakuti Kambalame atabadwa, wochepa ngati botolo, anamwino akupukusa mitu, mayi anagwada pafupi ndi bedi la m'chipatala n'kupangana ndi Mulungu.

"Ndinamuuza kuti, mukandisiyira uyu, pakamwa panga sipadzatuluka dandaulo mpaka ndidzafe," anatero mayi. "Anandisiyira. Zaka zisanu ndi zinayi Iye wasunga mbali yake. Ndiye ine ndikaime pamaso pa anthu n'kumati mwana munandipatsayu ali ndi chakuti, ali ndi chakuti? Akamutenga?"

Wachisamba anangoti, motsitsa mawu, kuuza namwino si kudandaula. Mayi anati mwina n'zoona, koma malire ake ali pati, ndipo ndani angamutsimikizire? Ankalankhula momasuka, mwana ali pomwepo pampando, monga anthu amachitira pamaso pa munthu amene akudziwa kuti sakumva.

Lolemba m'mawa mayi anali woyamba pabenchi la kuchipatala. Njira yonse ankayeseza mawu oti akanene, ndipo anapeza oti sakumveka ngati dandaulo: anangopempha kuti mwanayo alembedwe pamndandanda wa dokotala wa makutu.

"Dokotala anabwera Lachinayi lapitali," anatero namwino. "Wapita."

Anatenga khadi, analitembenuza kuti mayi aone, n'kuloza ndi cholembera mizere inayi. Akupezako bwino. Akupezako bwino. Khutu lauma. Ali bwino.

"Ine ndinalemba zimene munandiuza, mayi. Patsiku ndimaona anthu oposa zana, sindingalowe m'nyumba ya aliyense. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko." Kenako anaona nkhope ya mayiyo, ndipo anafewa. Anavula magalasi n'kutikita maso. "Ndamulemba tsopano, woyamba pamndandanda. Koma dokotala adzabweranso mkati mwa dzinja. Kumene amachokera salandira munthu wopanda kalata yake, ndipo kalatayo amalemba yekha akamuona mwana. Palibe chimene ndingachite."

"Miyezi ingati?"

"Isanu."

Mayi anatsegula pakamwa, ndipo mawu amene anatuluka, mwa chizolowezi, anali akuti zikomo.

Miyezi isanu imeneyo inali yaitali kuposa zaka zonse zimene anasita. Panalibe choti achite koma kuyang'ana. Anasintha malo okhala patebulo kuti iye azikhala kumanja kwa mwanayo. Anapita kukapempha aphunzitsi kuti amukhazike kutsogolo. Pamsewu ankamugwira dzanja ngati kamwana ka zaka zitatu, Kambalame akuchita manyazi ndi anzake. Bambo anabwera ndi zotsekera m'makutu za kuntchito kwawo kuti mwana azivala posamba, ndipo ankakhala naye pakhonde madzulo osalankhula, awiri osamva bwino akuonerera anthu odutsa. Kutchalitchi mayi ankaimba nawo nyimbo zoyamika, koma maso ake ankakhala pa mwana wake, amene ankatsegula pakamwa motsatira milomo ya anzake, mawu osatuluka.

Lamulo la m'mawa silinathe, koma linayamba kulemera. Tsiku lina itafika nthawi yake, mayi anafunafuna choti atchule, anayang'ana buledi, anayang'ana zenera, osapeza kanthu. Anabwereka mawu a mwamuna wake: "Ndadzuka." Palibe anaseka. Tsiku lomwelo kushopu anapsereza kolala ya malaya oyera, koyamba chiyambire ntchito, ndipo mwini shopu m'malo mokalipa anamufunsa ngati akudwala. Iye anati ayi, ali bwino.

Mvula inabweranso. Usiku woyamba inagwa pamalata mwaphokoso moti m'mawa aliyense ankainena, ndipo Kambalame anadabwa kuona matope pabwalo. Patatha sabata mayi anapeza banga lachikasu papilo, ulendo uno mbali inayo. Khutu lakumanja, lotsala lija, linali litayamba. Anaima ndi piloyo m'manja nthawi yaitali. Anathamangira kwa namwino, analandira kabotolo kena, ndipo anadontheza katatu patsiku monga kale, akudziwa kuti mankhwala omwewo analephera chaka chatha.

Dokotala wa makutu anali mayi wamng'ono thupi, wa imvi zochepa, wolankhula pang'onopang'ono. Anaunika makutu onse awiri nthawi yaitali. Kenako anamuveka Kambalame zomvera zazikulu kumutu n'kumuuza, momuyang'ana kumaso, kuti akamva kulira akweze dzanja. Anadina batani, ndipo mwanayo anakweza dzanja. Anadinanso, dzanja linakweranso. Mtima wa mayi unadumpha ndi chimwemwe. Koma dokotala anasiya makinawo n'kumuyang'ana.

"Mayi, takaimani kumbuyo kwake. Akuonera pankhope panu. Ndikangodina, inu mumakweza nsidze."

Mayi anakaima kumbuyo, ndipo dokotala anabisa dzanja lake pansi pa tebulo. M'chipindamo munangoti zii. Mayi ankamva yekha kulira kwakung'ono kotuluka m'zomverazo, kamodzi, kawiri, kasanu, kukukwera. Manja a mwana wake anali pamiyendo, osasuntha. Atasinthira kumanja, dzanja linakwera apa ndi apo, mokayikira.

Dokotala anamuvula zomverazo, anawerama n'kufunsa mokweza: "Iwe, makutu akowa ukuwamva bwanji?"

Kambalame anamwetulira mwaulemu, monga mwana woleredwa bwino. "Tikuthokoza Mulungu, ndiliko bwino."

Mawu a amayi ake omwe, kanenedwe kake komwe, mpaka kapendeketsedwe ka mutu. Mayi anamva ngati wamenyedwa mbama. Anazungulira n'kukaima pamaso pa dokotala.

"Sali bwino, adokotala," anatero. "Sali bwino ngakhale pang'ono."

Ndipo zonse zinatuluka. Anatchula tsiku limene banga loyamba linaoneka ndi fungo lake. Anatchula kuti mafinya sanasiyepo dzinja lonse latha, kuti ankachapa pilo kawiri pasabata. Anatchula mwezi umene mwana anayamba kupendeketsa mutu, wailesi, kakalata ka aphunzitsi, njinga yamoto, chivundikiro cha poto, mvula imene sanaimve. Anatchula kuti mwana amene ankatopetsa anthu ndi nkhani tsopano amatha tsiku ndi mawu osakwana khumi. Sanaiwale kanthu, chifukwa chilichonse anachiona pa tsiku lake, n'kuchisunga. Dokotala ankalemba mofulumira mpaka anatembenuza pepala. Mayi anati watopa, anati akuopa, anati sakudziwa chifukwa chake zimenezi zagwera mwana amene sanalakwire munthu. Pofika pamenepa anali akulira mokweza, moti namwino wa magalasi anasuzumira pakhomo n'kutsekanso.

Dokotala anadikira kuti amalize. Kenako ananena mosazungulira kuti khutu lakumanzere linatha, silidzamvanso. Lakumanja likufunika opaleshoni msanga, ndipo alemba kalata lero lomwe. Mwina apulumutsa theka la kumva kwake, mwina kuposerapo, sangalonjeze. Mayi anafuna kufunsa ngati chaka chatha zikanatheka kupulumutsa onse awiri, koma anaona mmene dokotala anapewera maso ake, ndipo sanafunse.

Apo m'pamene anamva kukokedwa malaya. Kambalame anali atatsika pampando. Nthawi yonseyo ankayang'ana milomo ya amayi ake, ndipo nkhope yake inali itachita mantha amene mayi anali asanawaonepo, ngakhale tsiku la njinga lija.

"Amayi, mwadandaula," anatero mwanayo, mokweza kwambiri monga amalankhulira anthu osadzimva. "Ndakuonani. Munawauza achemwali kuti mukadandaula anditenga. Ine ndimayesetsa, amayi, sindinanenepo kuti likuwawa. Ndiye anditenga?"

"Ayi, mwanangu," anatero mayi. "Sakutenga."

Koma mawuwo anatuluka ofooka, ndipo mwanayo anali atatembenukira kwa dokotala kuti aone ngati yankho lili kumeneko. Sanamve. Mayi anagwada pasimenti, anagwira nkhope ya mwana wake ndi manja onse awiri, manja okhakhala a nsimbi, n'kuitembenuzira kwa iye. Ankayenera kunenanso, pang'onopang'ono, milomo ikuoneka bwino, chinthu chimene iye mwini sankachidziwa ngati n'choona. Milomoyo inkanjenjemera kwambiri moti Kambalame anaiyang'anitsitsa, anatsinzina pang'ono, n'kupukusa mutu.

"Sindikuona bwino, amayi," anatero. "Nenaninso."